Mphete Yabulauni ya Mervis Ngozo

Mervis Ngozo ndinakula naye ku Biriwiri, kumtunda kumene mphepo ya mu Juni imang'amba milomo. Pakati pa nyumba yathu ndi yawo panali munda wa kachewere basi. Ine ndine Atikonda. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, choncho za sayansi zimene nditchule m'nkhani ino si zanga ayi. Ndi zimene iye mwini anandiphunzitsa titakhala pansi, akujambula padothi ndi kamtengo.

Bambo ake, a Goliati, anali munthu wamfupi ngakhale dzina lawo linali lotero. Ankalima kachewere ndi kabichi, ndipo pa ingoma panalibe wowaposa kuponda pansi. Mervis anali wachitatu mwa ana awo asanu. Anatengera bambo akewo msinkhu, koma makani sitikudziwa kumene anawatenga.

Tili Sitandade 6 aphunzitsi athu anatiuza kuti dzimbiri ndi dothi lofiira limene limamatirira pa chitsulo. Tonse tinalemba. Mervis anapita kunyumba, natenga khasu la mayi ake, nalikwecha ndi mchenga mpaka kuwala, nalipachika pa nthambi ya pichesi pamene dothi silikanafika. Mvula inagwa masiku atatu. Tsiku lachinayi analowa nalo m'kalasi khasulo litafiira.

"Aphunzitsi, dothi lake lakwera bwanji mumtengo?"

Anamukwapula zikoti zinayi chifukwa chobwera ndi khasu m'kalasi. Sanalire. Potuluka anandiuza kuti, "Andimenya, koma sanandiyankhe."

Iye anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, ndipo kenako anapita kukoleji yophunzitsa aphunzitsi a sekondale. Ine ndinakwatiwa ku Kandeu. Pa tchuthi ankabwera kudzandiona, ndipo pa tchuthi china chotero, m'chaka cha 2000, anafika nkhope ili gwa. Anali atakangana ndi mphunzitsi wake wa kemisitiri.

Anandifotokozera motere. Pali njira yodziwira ngati m'madzi muli naitireti, mchere umene umapatsa mphamvu feteleza wina. Umathira madziwo mu kachubu kagalasi, n'kuwonjezamo madzi obiriwira pang'ono amene asungunuliramo chitsulo. Kenako umapendeketsa kachubuko n'kutsetsereza asidi wamphamvu m'mbali mwake pang'onopang'ono. Asidiyo ndi wolemera, amakakhala pansi. Ngati naitireti alimo, pamene madzi awiriwo akumana pamatuluka kamzere kabulauni kozungulira ngati mphete. Ngati mulibe, sipatuluka kanthu.

"Nanga mwakanganiranapo chiyani pamenepo?" ndinafunsa.

"Chitsulo chili ndi tinthu tating'ono totchedwa maelekitironi," anatero. "Chikataya tiwiri timati chili pa 2, ndipo madzi ake amabiriwira. Chikataya titatu chili pa 3, ndiye dzimbiri lija. Nambala imeneyi imatchedwa ya okisidesheni. Tsono mu mphete muja chitsulo chagwirana ndi kampweya kena kotchedwa NO. Buku likuti chitsulocho chili pa 1, chifukwa kampweyako kachipatsa elekitironi imodzi. Ine ndinafunsa kuti tadziwa bwanji kuti kachipatsa. Bwanji ngati kampweyako kasunga elekitironi yakeyo, ili yokha yopanda inzake, chimene amati radiko? Pamenepo chitsulo chili pa 2. Bwanji ngati kampweyako ndiye kalanda ina kuchitsulo? Pamenepo chili pa 3."

Ndinamuyang'ana ngati akulankhula Chingoni cha pamwambo.

"Taona," anatero. "Iwe ndi amuna ako mwafunda bulangete limodzi. Wina akafunsa kuti bulangete lili kwa ndani, uyankha chiyani osasuzumira?"

"Lili kwa amene wakoka kwambiri."

"Eya. Ndiye ine ndinafunsa kuti ndani anasuzumira. Iwo akuti buku. Ndinapita kulaibulale, ndinapeza mabuku ena awiri, lina likunena zina, lina zina. Nditawaonetsa anati ndikuwataitsa nthawi."

Funsolo linabweradi pa mayeso. Anzake onse analemba 1 n'kukhoza. Mervis analemba tsamba lathunthu kufotokoza mayankho atatu aja, natsiriza ndi kunena kuti nkhaniyo akatswiri sanaimalize. Anamupatsa ziro. Anamuitana n'kumuuza kuti akavomera kuti analakwitsa amuganizira. Iye anati ziroyo aisiye momwemo. Maphunziro anamaliza, koma osati pamwamba monga tonse tinkayembekezera.

Ntchito anaipeza pa Kandeu pomwepa, pa sukulu ina yapulaiveti mwa zija zinamera ngati bowa zaka zimenezo. Mwini wake, amenenso anali hedimasitala, anali a Dyton, munthu wofatsa, wokonda tayi ngakhale kutenthe. Sukuluyo inalibe labu. Inali ndi kachipinda kosungiramo choko ndi matsache, ndipo Mervis anapempha shelefu imodzi mmenemo. Timachubu khumi anagula yekha ku Blantyre. Madzi obiriwira aja ankapanga poviika misomali m'madzi a batire ya galimoto. Asidi wamphamvu anamupatsa mnzake wina wogwira ntchito mu labu, botolo limodzi lokha, ndipo ankalisunga m'chitini cha mchenga, kiyi wa chipindacho ali m'khosi mwake. Ana amene anadutsa m'manja mwake mpaka lero amakumbukira madamu wamfupi amene ankasandutsa madzi obiriwira kukhala achikasu, achikasu kukhala ofiira ngati magazi, ndipo ankakana yankho lililonse loyamba ndi mawu akuti "buku likuti".

Zimene zinamuchotsetsa ntchito zinayambira m'munda mwanga.

Munali mu Januwale 2007. Chimanga chinali chitafika m'mawondo, ndipo Khirisimasi itangopita tinathira feteleza wobereketsa wa CAN. Tinagula kwa a Paison, monga anachitira anthu ambiri chaka chimenecho. A Paison anali ndi sitolo yaikulu kuposa zonse pa Kandeu, lole yawoyawo, ndiponso mpando wakutsogolo kutchalitchi. Mlongo wawo ndiye anali mkazi wa a Dyton, ndipo malata a makalasi awiri a sukulu ija anachokera m'sitolo mwawo.

Patapita masabata awiri chimanga chinali chikadali chachikasu, chowonda ngati udzu. Kwa aneba chimodzimodzi. Ena ankati mvula yakokolola feteleza, ena ankati nthaka yatopa. Amuna anga ankati ine ndinathira moumira. Loweruka lina Mervis anabwera kudzacheza, ndipo ndinamutengera kumunda kuti andidandaulire nawo. Anayenda m'mizere, kenako anagwada n'kufukula patsinde pa phesi limodzi. Timibulu toyera tinali pomwepo, tathunthu, monga ndinatikwiririra.

"Mvula yonse ija osasungunuka?" anatero. "Watsala m'thumba?"

Unatsala pang'ono pansi pa thumba. Anatapa dzanja limodzi n'kuthira m'kapu ya madzi, nagwira kapuyo ndi manja onse awiri.

"CAN weniweni akamasungunuka madzi amazizira. Gwira."

Ndinagwira. Madziwo anali monga ndinawatungira, ndipo timibuluto tinangokhala pansi ngati timiyala ta mumtsinje.

Masana omwewo tinapita kusukulu. Anatsegula kachipinda kaja, natenga feteleza wanga ndi wina amene anatsala kwa bambo ake, wogulidwa ku boma. Anayamba ndi wa bambo ake. Atatsetsereza asidi, ndinaona ndi maso angawa kamphete kabulauni katalenjekeka pakati pa madzi, kosakhudza pansi, kosafika pamwamba. Kenako anayesa wanga. Tinadikira. Madzi anangoti mbee. Anabwereza katatu, katatu konse mbee.

Mayi wina woyandikana nane anali ndi thumba losatsegula. Mervis analimasula natapa pamwamba, mphete inatuluka. Analowetsa paipi mpaka pakati natapa, panalibe kanthu. Wina anali atadzaza matumbawo ndi timibulu ta laimu, n'kuvundikira feteleza weniweni pamwamba, kuya kwake ngati chikhatho chimodzi.

Mervis sanayambe ndi kufuula. Anapita kusitolo, ine ndili pambuyo pake, napempha kulankhula ndi a Paison pambali.

"Bambo, feteleza amene mukugulitsayu si feteleza. Mwina inunso anakunamizani kumene munapikula. Ndabwera kuti musiye kugulitsa, ndipo anthu muwauze msanga, nthawi yothira wina isanathe."

A Paison anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ndipo sipanali patali.

"Anangozo, ine feteleza sindipanga. Ndimangogulitsa. Thumba ndi losoka, lili ndi zilembo zake. Inu munaliona liti fakitale?"

"Fakitale sindinalione. Ndaona zimene zili m'thumba."

"Phunzitsani ana, mayi. Za malonda zisiyeni."

"Ndiye tsiku la msika ndidzaonetsa anthu."

Iwo anaseka, naitana kasitomala wotsatira.

M'mawa mwake a Dyton anamuitanira ku ofesi. Anamupatsa mpando, anamufunsa za moyo wa bambo ake, kenako anafika pa nkhani.

"Madamu, alamu anga andiuza zimene mukufuna kuchita. Ine sindikukutsutsani. Koma zinthu zotere zili ndi njira zake. Lembani kalata, tiitumize kwa oyenera, adzabwera kudzaona."

"Adzabwera liti, ahedi? Chimanga chikamasula ngayaye basi kwatha. Kalata ndilemba, koma kumsika ndipitanso."

"Mukudziwa kuti asidi ameneyo ndi katundu wa sukulu?"

"Ndi wanga. Machubu ndi anga. Misomali ndinazula pakhola la bambo anga. Cha sukulu ndi shelefu yokha, ndipo lero ndichotsapo zonse."

Tsiku la msika tinanyamula tebulo la kunyumba kwanga n'kuliika pansi pa mtengo wa mthethe, moyang'anana ndi sitolo ya a Paison. Mervis anayala timachubu take, botolo la asidi lili m'chitini chake cha mchenga, ndipo analemba mzere pansi kuti ana asadutse. Poyamba anthu ankaganiza kuti akugulitsa mankhwala. Atamva kuti ndi za feteleza anaunjikana, ogulitsa tomato mpaka kusiya malo awo. Anaonetsa weniweni, mphete inatuluka, anthu anati "Haa!" Anaonetsa wanga, mbee. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kutembenukira kusitolo.

Apo ndi pamene a Paison anatuluka, ali ndi mwana wa mchemwali wawo wina, dzina lake Hilary. Ameneyu anaphunzira zaulimi kukoleji ndipo ankagwira ntchito ku Lilongwe. Anamuitanitsa dala. Anali wamtali, wovala shati yoyera, buku lalikulu lili kukhwapa. Anthu anamupatukira.

"Madamu, ndamva kuti ndinu katswiri," anatero mwaulemu. "Ndingofunsa kafunso kamodzi ka ana a sukulu, kuti anthuwa adziwe amene akuwamvera. Mu mphete mwanumo, chitsulo chili pa nambala yanji ya okisidesheni?"

Ndinadziwa funsolo, ndipo ndinadziwa yankho limene linali m'buku lakelo. Ndinamukoka Mervis chitenje n'kunong'ona kuti, "Nena 1, iwe. Ingonena 1."

Anandichotsa dzanja.

"Buku lanulo likuti 1," anatero mokweza. "Ena amati 2, elekitironi yotsalayo ili pa NO. Ena amati 3. Amene ali ndi makina oyezera akukanganabe. Ine sindikudziwa, ndipo inunso, achimwene, simukudziwa."

A Paison sanadikire kuti amalize. Anakweza manja onse awiri.

"Mwamva nokha! Akuti sakudziwa! Mphunzitsi wa ana anu akuti sakudziwa, koma akufuna kundiphera bizinesi ndi madzi a misomali!"

Anthu anaseka, ndipo kuseka kwa pamsika kumapweteka. Anyamata a kabaza anayamba kuimba kuti "sakudziwa, sakudziwa". Ena amene anali kutsogolo anayamba kubwerera kumalonda awo. Ine ndinafuna nthaka itang'ambika. Mervis anadikira, manja ali m'chiuno, mpaka phokoso linatsika. Kenako anakwera pa benchi ya mayi wogulitsa mandasi kuti aoneke.

"Zimene sindikudziwa ndanena kuti sindikudziwa," anatero. "Tsopano mverani zimene ndikudziwa. Naitireti akakhalamo mphete imatuluka. Akapanda kukhalamo siituluka. Chitsulocho chikhale pa 1, pa 2, pa 3, chimanga chanu chilibe nazo ntchito. A Hilary, inu mwaphunzira. Musakhulupirire manja anga. Lowani m'sitolo mwa amalume anu, sankhani thumba limene mukufuna, tapani pakati, muyese nokha."

"M'sitolo mwanga simutsegulidwa thumba losagula," anatero a Paison.

Pamenepo mayi woyandikana nane uja anakankha anthu, thumba lake lili pamutu, naligwetsa pamapazi pa Hilary. Dzina la sitolo linali lolembedwa ndi inki pambali pake, monga a Paison ankalembera matumba awo onse.

"Ili ndinagula. Tsegulani."

Hilary anayang'ana amalume ake, nayang'ana anthu. Kukana sikukanatheka. Anaika buku patebulo, napinda mikono ya shati. Ndinaona kuti ntchitoyo ankaidziwa: anatapa pakati pa thumba, anasungunula, anasefa, anapendeketsa kachubu bwinobwino. Anakakweza kudzuwa. Mbee.

"Asidiyu ndi wakale," anatero, koma mawu anali atatsika.

Mervis anangomupatsa feteleza wa bambo ake uja. Hilary anayesa ndi asidi yemweyo, ndipo mphete inatuluka ili m'manja mwake. Kenako anaibweza patebulo pang'onopang'ono, natenga buku lake, nadutsa pakati pa anthu osalowanso m'sitolo. Analunjika kokwerera minibasi.

Mungaganize kuti nkhani inathera pomwepo, Mervis atapambana. Sizinatero. Amene anali pafupi ndi tebulo anaona zonse. Koma amene anali kumbuyo anangomva nyimbo ija, ndipo ndi imene inafika kumidzi madzulo ake: madamu wa sayansi wavomera pagulu kuti sadziwa sayansi.

Lolemba a Dyton anamupatsa pepala lolembedwa kale. Linkanena kuti iye, Mervis Ngozo, akupepesa kwa a Paison ndi kwa makolo chifukwa choyesa zinthu zimene sakuzimvetsa, ndi zipangizo zosavomerezeka. Anati akaliwerenga pa asembule ntchito yake ikhalapo.

"Ndi mawu chabe, madamu," anatero. "Mawa anthu aiwala. Ganizirani ana a Fomu 4."

Mervis analandira pepalalo. Belu litalira anakaima kutsogolo kwa ana onse, aphunzitsi ali pamzere kumbuyo kwake. Zimenezi anandiuza ndi ana atatu osiyana, ndipo onse ananena zofanana. Anatambasula pepalalo, naliyang'ana, nalipindanso.

"Andipatsa mawu oti ndikuwerengereni," anatero. "Sindiwerenga, chifukwa si oona. Feteleza uja ndi laimu. Kauzeni makolo anu kuti amene angathe athire wina sabata ino. A Fomu 4, manotsi a mitu imene yatsala ndasiya kwa mtsogoleri wa kalasi. Pa mayeso a boma mukafunsidwa zimene silabasi ikunena, lembani zimenezo, musachite ngati ine. Koma wina akadzakufunsani zimene inuyo mukudziwa, musadzabwereke pakamwa pa munthu."

Anapereka pepalalo kwa a Dyton ndi manja awiri, mwaulemu wake wonse, natuluka pageti. Nyumba imene ankakhala inali ya sukulu, choncho madzulo ake katundu wake anali pakhonde panga.

Anakhala kwathu miyezi iwiri. Amuna anga poyamba ankaopa, chifukwa a Paison sanali munthu woyambana naye. Koma anthu anayamba kubwera okha. Ankabwera amayi makamaka, atamanga feteleza pang'ono m'kapepala ka shuga kapena pakona ya chitenje, ena ochokera kutali ndithu. Ankafika ngati odutsa, kufunsa madzi akumwa, kenako n'kumasula kamfundo kaja. Mervis ankayesa pakhonde, aliyense akuona. Poona kuti asidi akutha, anayamba kuwaphunzitsa njira ya kapu: tapa pakati pa thumba, osati pamwamba, thira m'madzi, gwira ngati azizira, ona ngati zasungunuka. Ankawachenjeza kuti njira imeneyi ndi yongoyambira, siinena zonse. Ena anali omwe aja anaseka kumsika. Sanawakumbutse.

Si onse anamuthokoza. Makolo ena a ana a Fomu 4 anabwera kudzamukalipira kuti wataya ana awo chifukwa cha mtima wapachala. Bambo wina anamuuza pamaso kuti mkazi wosakwatiwa amakhala ndi nthawi yambiri yosokoneza anthu. Mervis anamufunsa ngati wabweretsa feteleza woti ayese, ndipo atati ayi, anamuuza kuti apatuke pali mzere. Ana a Fomu 4 amene ankafuna ankabwera Loweruka, ndipo ankawaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga.

Kalata ija analembadi, koma amene anabwera kudzaona anafika mu Marichi. Anapeza m'sitolo mulibe thumba ngakhale limodzi la CAN, chifukwa lole inali itawachotsa kalekale. Palibe anamangidwa. A Paison anati nawonso anaberedwa ndi anthu a kutsidya kwa malire, ndipo mwina n'zoona, ine sindinganene. Amene anathira wina msanga anakololako. Ife tinachedwa, ndipo chaka chimenecho nkhokwe yathu inatha mu Okutobala. Chaka chotsatira a Paison anaitanitsa feteleza wambiri, weniweni, koma anthu ankafika ndi paipi ndi kapu ya madzi, kufuna kutapa pakati asanagule. Iwo anakwiya, anakana, ndipo anthu anapita kwina. Pasanathe zaka ziwiri anasiya feteleza n'kumagulitsa simenti ndi malata okha.

Hilary tinakumana naye mwangozi pa depoti ya ku boma, mwezi wa Epulo, ine ndikuperekeza Mervis amene ankabwerera ku Biriwiri. Anatipatsa moni mwamanyazi.

"Madamu, ndinakafufuza," anatero. "Munanena zoona. Nkhani ija akatswiri sanagwirizanebe. Ambiri masiku ano sakuvomereza 1 uja."

"Zikomo," anatero Mervis. "Koma funso lija munandifunsira pamsika. Yankho lake mukundiuzira pano bwanji, pali anthu awiri?"

Hilary anangotsanzika. Kumsika sanapite. Koma ndinamva kuti kwa amalume ake sanapondekonso kwa nthawi yaitali.

Mu Julaye, nthawi yokumba kachewere, ndinapita ku Biriwiri kukathandiza a Goliati, amene miyendo inali itayamba kuwavuta. Tili m'munda tinaona munthu wa tayi akutsika m'mizere, nsapato zitadzaza dothi. Anali a Dyton. Aphunzitsi awiri amene anawalemba m'malo mwa Mervis anali atathawa, wina patatha mwezi, wina patatha masabata atatu, ndipo makolo anayamba kuchotsa ana.

Anapereka moni kwa a Goliati, anakhala pa thumba la kachewere, nayamba kuzungulira nkhani. Mervis sanasiye kukumba.

"Madamu, zakale zapita. Bwererani. Za pepala zija tiiwale, palibe adzakufunseni."

"Ndani aiwale, ahedi? Ana anamva kuti ndachotsedwa chifukwa chonama. Mudzaima pa asembule n'kuwauza kuti sindinaname?"

"Mukudziwa mmene zilili kunyumba kwanga. Ndi alamu anga aja."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikukukakamizani."

A Dyton anatembenukira kwa a Goliati. "A Ngozo, tathandizeni kulankhula naye mwana wanuyu."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndinalephera ali ndi zaka zisanu. Inu mukufuna ndiyambe lero?"

Apo Mervis anaimika khasu nawauza kuti wapeza kale malo. Sukulu ina yoyendera kuchigwa, kumene amalima mpunga wothirira, inkasowa mphunzitsi wa sayansi kwa zaka zitatu chifukwa aliyense ankakana kupitako.

"Kuchigwa?" anatero a Dyton. "Inu wakumtunda? Kutentha kuja, udzudzu uja? Simukatha teremu."

"Neti ndagula kale," anatero, nayambanso kukumba.

Kuchigwako wakhalako mpaka lero. Malungo anamugwira kawiri chaka choyamba, ndipo anaonda mpaka mayi ake analira pomuona, koma sanapemphe kusamuka. Anakwatiwa ndi mlimi wa mpunga wa komweko, munthu wosalankhulalankhula, ndipo ali ndi ana awiri. Anakanganapo ndi komiti ya sukulu pa za chimbudzi cha atsikana, anakanganapo ndi oyang'anira madzi a m'minda pa za ngalande imene inkadutsa minda ya amayi amasiye. Zina anapambana, zina analuza. Ana a kumeneko anamupatsa dzina lakuti Anamphete, ndipo ngakhale akuluakulu amamuitana choncho.

Mwezi wathawu anandiimbira foni. Anati dilawo la pasukulu pawo likutulutsa madzi oyera bwinobwino, koma akakhala m'ndowa mpaka masana amafiira, ndipo amayi akuti wina wawathira mankhwala oipa. Wina watchulidwa kale dzina, nkhalamba ina yaikazi yokhala yokha pafupi ndi dilawolo.

"Ndi chitsulo cha m'nthaka chabe," anatero. "Chikutuluka chili pa 2, chikakumana ndi mpweya chikupita pa 3. Loweruka kuli msonkhano wa mudzi wonse, akufuna kumusamutsa mayiyo. Ndikupita ndi ndowa ziwiri, akadzionere okha."

"Akuitana?" ndinafunsa.

"Ayi," anatero. "Bwera ndi amuna ako, mudzandithandize kunyamula."